PhD pa mabuku oyambirira a Chichewa: ndi yunivesite iti ingandilandire?

NaJere wa ku Mvera

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munadutsamo m'njira ya PhD, makamaka a zolembalemba. Ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina m'boma la Dowa, ndipo digiri yachiwiri ndinamaliza kale. Chimene ndikufuna kufufuza ndikuchidziwa bwino lomwe. Chikusowa ndi malo oti ndikachichitire.

Mutu wanga ndi mabuku a nkhani amene analembedwa m'Chichewa, kapena kuti Chinyanja monga ankanenera nthawiyo, kuyambira m'ma 1930 kufika 1968, chaka chimene msonkhano waukulu wa MCP unagamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha dziko lonse. Ndimayambira pa Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Bukuli linapambana mphotho mu 1933 pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures ya ku London, ndipo chaka chotsatira mmishonale T. Cullen Young analitanthauzira m'Chingerezi. Pambuyo pake pali timabuku tambiri timene tinkatuluka kudzera ku Northern Rhodesia and Nyasaland Publications Bureau, ofesi ya boma la atsamunda imene inali ku Lusaka, ndi ena osindikizidwa ku Nkhoma komweko.

Funso limene limandisowetsa tulo ndi ili. Munthu akamalemba akudziwa kuti woyamba kuwerenga ndi mmishonale kapena bwana wa zamaphunziro, amene ali ndi mphamvu yokana bukulo kapena kulidula, zimene akufunadi kunena amaziika pati? Mu Nthondo mnyamata akula ndi makhalidwe oipa, apita kutali kukafuna ntchito, abwerera kwawo, alowa ufumu, kumapeto atembenuka mtima. Ana a sukulu amangoti ndi nkhani ya munthu woipa amene anapulumuka, basi. Koma ine ndikamawerenga ndimaona kuti cholembera cha Ntara chimachedwa pa zina: kubadwa kwa mwana, maliro, milandu ya pabwalo, mmene akuluakulu amayankhulirana. Pamenepo amalemba modekha, ngati munthu amene sakufuna kuti zinthuzo zitayike. Ndikufuna ndione ngati olemba ena a nthawiyo ankachitanso chimodzimodzi, ndiponso ndipeze makalata a pakati pa olembawo ndi amene ankavomereza mabuku, ngati alipobe.

Ena mwa mabukuwa ndili nawo kunyumba. Ndinawapeza m'sutikesi ya malemu agogo anga aamuna, amene anali mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi. Mapepala anafiira, m'mbali mphemvu zinadya, mtengo wake pachikuto ndi wa mashereni ndi makobiri. Agogo ankadula mzere ndi pensulo pansi pa mwambi uliwonse, ndipo pena m'mphepete analemba kuti "kuno sititero". Ndiye kuti owerenga nawonso ankatsutsana ndi mabukuwa, sankangomeza ayi. Zimenezonso ndikufuna zilowe m'kafukufuku.

Vuto nali. Ndalembera madipatimenti a English m'mayunivesite angapo akunja. Amene anayankha anati mutuwo ndi wabwino koma iwo amagwira zolembedwa m'Chingerezi, ndipo wina anandiuza kuti bwanji ndisinthe ndilembe za Jack Mapanje kapena Legson Kayira. Olemba amenewo ndimawalemekeza kwambiri, koma ali nawo kale owafufuza, pamene timabuku timene ndikunenati tikutha ndi chiswe. Ku madipatimenti a zilankhulo za mu Africa, ena anati alibe wodziwa Chichewa, ena anati alipo koma ntchito yake ndi galamala. Wa mbiri yakale anati angandithandize pa za mishoni, koma osati pa kasanthulidwe ka nkhani. Aliyense akundilozera khomo la mnzake.

Kodi alipo amene akudziwa yunivesite, kaya muno mu Africa kaya kutsidya kwa nyanja, kumene munthu angachite PhD pa mabuku a chilankhulo chathu osauzidwa kuti asinthe mutu? Nanga supavaiza amene samva Chichewa angandithandizedi? Ndineneretu kuti ndalama zodzilipirira ndekha ndilibe, ndipo ndili ndi ana awiri a ku pulayimale, choncho nkhani ya sikolashipu ndi kutalika kwa maphunziro ndi yaikulu kwa ine.

Mngoni wa ku Lizulu

Anajere, yunivesite yolembedwa pakhomo kuti kuno timaphunzitsa mabuku a Chichewa simuipeza kunja, ndiye lekani kuifunafuna. Funani munthu. Mukufunika pulofesa mmodzi amene anafunsapo funso longa lanulo, kaya pa Chizulu, kaya pa Chisutu, kaya pa Chiyoruba, ndipo akulandirabe ophunzira. Ku South Africa, ku UK ndi ku Germany PhD ilibe makalasi ambiri. Ndi inu, mutu wanu ndi munthu ameneyo, kwa zaka zitatu kapena zinayi.

Ndipo funso lanulo ena analifunsapo ndithu. Thomas Mofolo analemba buku lake la Chisutu lotchedwa Chaka cha m'ma 1910, koma amishonale a ku Morija ku Lesotho analisunga mpaka 1925 chifukwa sanakondwe nalo. Anthu a zolembalemba ku South Africa nkhani ngati imeneyi amaidziwa bwino, ndiye mukawauza za Nkhoma ndi Ntara amva msanga chimene mukutanthauza.

Ine yanga ndinachitira ku Stellenbosch, pa zolembedwa m'Chingerezi, ndipo ndikuona zifukwa ziwiri zoti muyang'aneko. Choyamba ndi ndalama. Faculty of Arts and Social Sciences ili ndi Graduate School imene inayamba mu 2010, ndipo yakhala ikupereka sikolashipu ya zaka zitatu kwa ochita PhD ochokera m'maiko a mu Africa. University of Malawi ili mu mgwirizano wa mayunivesite wotchedwa PANGeA pamodzi ndi Stellenbosch, Makerere, Dar es Salaam, Nairobi, Botswana ndi ena, ndipo malekichala angapo a ku Chanco anadutsa mmenemo. Ambiri amene ndinali nawo anali kale aphunzitsi a m'mayunivesite, choncho werengani bwino zimene akufuna pa chaka chimene mukufunsira. Zaka zitatuzo n'zothinana kwambiri, sakupatsani mpata wozengereza, koma kwa mayi wa ana awiri mwina ndi bwino kusiyana ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Chachiwiri ndiye chachikulu kwa inu. Mishoni ya Nkhoma inali ya sinodi ya Cape ya Dutch Reformed Church, ndipo nyumba yosungira zakale ya mpingo umenewo ili m'tauni ya Stellenbosch momwemo. Malipoti ndi makalata a amishonale a ku Mvera ndi ku Nkhoma ndi kumene mungayambire kuwafunsa. Koma dziwani kuti zambiri zili m'Afrikaans, zakale kwambiri m'Chidatchi. Simukufunika kuyankhula, bola kuwerenga, ndipo ndi dikishonale munthu amazolowera.

Yang'ananinso Wits ku Johannesburg. Kuli dipatimenti yakeyake ya African Literature imene Es'kia Mphahlele anayambitsa mu 1983, ndipo kumeneko sadabwa munthu akabwera ndi zinthu zosakhala m'Chingerezi. Isabel Hofmeyr wa komweko anatulutsa The Portable Bunyan mu 2004, buku lotsatira mmene nkhani ya John Bunyan inamasuliridwira m'zilankhulo zambiri za mu Africa kudzera m'makina a mishoni. Liwerengeni chifukwa cha njira yake, yotsatira buku kuchokera kwa mlembi, kudutsa kwa mkonzi ndi wosindikiza, mpaka m'manja mwa wowerenga. Pensulo ya agogo anuyo imalowa bwinobwino m'njira imeneyi. Mayiwo anapuma, koma ophunzira awo ali m'mayunivesite ambiri.

Mmene ndinapezera supavaiza wanga ndi mmene ndingakuuzireni inunso. Tengani nkhani zaposachedwa zimene zakukhudzani m'magazini a kafukufuku monga Research in African Literatures, Journal of African Cultural Studies, Journal of Southern African Studies kapena Africa, muone olemba ake ali pa yunivesite iti lero. Kenako tsegulani ma thesis a anthu amene anachita zofanana ndi zanu, ambiri ali pa intaneti mwaulere, muwerenge tsamba lothokoza. Dzina limene likubwerabwera ndi la munthu woyenera kumulembera.

Za mapepala: satifiketi zanu ziyenera kudutsa ku SAQA, bungwe la ku South Africa loona za satifiketi, kuti aziyerekeze ndi za kumeneko, ndipo zimatenga nthawi, yambani msanga. Ife a SADC fizi timalipira ngati nzika, kungowonjezerapo kandalama ka ophunzira akunja. Canon Collins Trust nayonso imathandiza a Malawi ophunzira ku South Africa.

Nachisale ku Germany

Achemwali, ndikugwirizana ndi achimwene a ku Lizulu pa nkhani yofuna munthu, ndingowonjezera mbali ya kuno. Ku Germany maphunziro a za Africa anakula kuchokera ku zilankhulo, ndiye zolembedwa m'zilankhulo zathu sazitenga ngati zapambali. Ku Bayreuth kuli pulofesa amene udindo wake ndi zolembalemba za m'zilankhulo za mu Africa, kulinso BIGSAS, sukulu ya ochita PhD pa za Africa imene inayamba mu 2007. Mphamvu yawo ili pa Chiswahili, amakhala ndi msonkhano wake chaka ndi chaka. Ku Mainz kuli Jahn Library, laibulale yosonkhanitsa mabuku a nkhani ndi ndakatulo m'zilankhulo za mu Africa zambirimbiri. Onaninso Humboldt ku Berlin, Leipzig ndi Hamburg.

Chimene ndikuona n'chakuti mwina mmene mukuufotokozera mutu wanu ndi mmene mukuwachititsa mantha. Mukalemba kuti mukufuna kufufuza mabuku a Chichewa, pulofesa amangoganiza kuti Chichewa sindichidziwa, n'kutseka imelo. Koma ofesi ya ku Lusaka ija sinali yokha. Ku Nairobi kunali East African Literature Bureau kuyambira 1948. Ku Salisbury kunali Literature Bureau ya Southern Rhodesia, imene inadula chaputala choyamba cha Feso, buku la Chishona la Solomon Mutswairo, lisanatuluke m'ma 1950, chifukwa chinkakhudza za kulandidwa kwa malo. Ndipo bungwe la ku London limene linapatsa Ntara mphotho ndi lomwenso linapereka mphotho kwa Omenuko, buku la Pita Nwana la m'chilankhulo cha Igbo. Mukanena kuti mukufufuza mmene mipikisano ndi maofesi amenewa anaumbira mabuku oyamba a m'zilankhulo za mu Africa, ndipo Chichewa ndi mbali imene sinafufuzidwe mokwanira, wa Chiswahili ndi wa Chishona yemwe aona kuti muli m'munda mwake.

Imelo yoyamba ikhale yaifupi. Tchulani nkhani yawo imodzi imene mwawerengadi ndi mfundo imene yakhudza ntchito yanu. Fotokozani mutu m'ndime imodzi. Ikanipo CV ndi chidule cha proposal cha masamba awiri. Ndipo musaiwale kunena kuti mabuku ena muli nawo m'manja, okhala ndi zolemba za wowerenga wa nthawiyo. Jambulani tsamba limodzi la pensulo ya agogoyo, mulimasulire, mutumize limodzi. Anthu amenewa amalandira maimelo ambiri onena zinthu zofanana, koma tsamba ngati limenelo saliona kawirikawiri.

Pa ndalama, njira yodziwika ndi DAAD, bungwe la ku Germany lopereka masikolashipu. Amafuna kalata ya pulofesa wa kuno yovomera kukuyang'anirani, ndiye muyambe kupeza munthu, sikolashipu pambuyo. Amalipiranso kosi ya Chijeremani musanayambe, ngakhale thesis mutha kulemba m'Chingerezi. M'mayunivesite ambiri a boma fizi ya PhD kulibe, mumangolipira kandalama ka semesita. Kunonso kuli lamulo loti thesis isindikizidwe musanapatsidwe udokotala wanu, zimene kwa mutu ngati wanuwu ndi zabwino, chifukwa ntchitoyo siigona m'kabati. Chovuta ndi kuzizira, kusungulumwa, ndi kupeza nyumba ngati mwabwera ndi ana.

Mphunzitsi wopuma, Domasi

Anajere mwana wanga, ndawerenga funso lanu ndi mtima wokondwa, chifukwa mabuku amenewo ena ndinawawerenga ndili kamnyamata. Anzathu awiriwa akuuzani zoona, koma pali pamene ndikusiyana nawo.

Mwafunsa ngati supavaiza wosamva Chichewa angakuthandizeni. Pa njira yofufuzira ndi pa mabuku oti muwerenge, inde. Koma mtima wa kafukufuku wanu uli pa kamvedwe. Mukunena kuti mlembi pena amachedwa, pena amathamanga, pena amabisa mawu. Ndani adzakuuzani kuti apa mwamva bwino, koma apa mwawonjezera zanu? Munthu wosamva Chichewa adzangoona zimene inu mwamumasulira, ndipo akazikonda adzavomera. Choncho kulikonse kumene mupite, kakamirani kuti pakhale wachiwiri wodziwa Chichewa, wolembedwa m'mapepala ngati supavaiza wothandizira, osati mnzanu wongomufunsa pafoni. Mayunivesite ambiri amalola kuti wachiwiriyo akhale wa yunivesite ina.

Musadabwe kuti kunja amakulozerani kwa a galamala. Chichewa chinatchuka kumeneko kudzera mwa akatswiri a chilankhulo, kuyambira pa galamala ya Mark Hanna Watkins ya 1937, imene anailemba mothandizidwa ndi Kamuzu Banda ali wophunzira ku Chicago, kudzafika kwa Sam Mchombo ku Berkeley ndi Al Mtenje kuno kwathu. Mbali ya zolembalemba ndi imene inatsalira. Koma sikuti munda wake ndi wosalimidwa konse. Francis Moto anatulutsa Trends in Malawian Literature mu 2001, ndipo Pascal Kishindo analembapo za ndakatulo za Chichewa za m'nyuzipepala. Proposal yanu iyenera kuonetsa kuti mwawawerenga ndipo mukudziwa pamene iwo analekezera.

Tsono bwanji osaganizira za Zomba? National Archives ili pompano, ndipo lamulo limafuna kuti buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno likasiyidweko. Mafayilo a boma la atsamunda, kuphatikizapo a zamaphunziro, ali komweko. Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ili pompanonso. Ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi ku Mandala. Ndipo pali njira imene anthu ambiri saidziwa: Commonwealth Scholarship ili ndi gawo la amene alembetsa PhD kwawo, loti akakhale miyezi 12 pa yunivesite ya ku UK. Chaka chimodzi chimenecho mutha kuchithera pa yunivesite ya SOAS ku London, kumene kuli mabuku ambiri akale a zilankhulo zathu, kapena ku Edinburgh, kumene National Library of Scotland imasunga makalata a mishoni za ku Scotland, kwawo kwa Cullen Young. Ana angasowe mayi wawo chaka chimodzi, osati zinayi.

Pali chinanso chimene sichingadikire. Mapepala a ku Stellenbosch mudzawapeza ngakhale patapita zaka khumi. Koma aphunzitsi opuma a ku Nkhoma, ku Kongwe, ku Mlanda ndi kwanu ku Mvera, amene anaphunzitsa ndi mabuku amenewa, ndi amene anagwirapo ntchito pa makina osindikizira, akutha. Ntara anamwalira mu 1976, ndiye alipo ena amene anamuona ndi maso. Yambani kucheza nawo tsopano, ndi chilolezo chawo muzijambula mawu, musadikire kalata ya yunivesite.

Pomaliza, mutu wanu ndi waukulu. Zaka zoposa makumi atatu, maiko awiri, mishoni, boma, olemba ndi owerenga omwe, zonsezo sizingalowe m'thesis imodzi. Sankhani olemba atatu kapena anayi, kapena khomo limodzi limene mabuku ankadutsira. Mwina ena mwa amene anakukanani anaona kukula kwa katunduyo.

Wa ku Katete

Amayi, ine ndine wa kuno ku Zambia, ndipo ndingokumbutsa kuti mabuku a Bureau aja ankawerengedwa mbali zonse ziwiri za malire. Makolo athu kuno ku Eastern Province anaphunzira ndi omwewo. Popeza ofesiyo inali ku Lusaka, musamalize proposal musanafunse ku National Archives of Zambia. Ku University of Zambia (UNZA) kuli dipatimenti ya zilankhulo ndi zolembalemba, ndipo kumeneko wodziwa Chinyanja sasowa, ngati mukufuna wachiwiri amene abambo a ku Domasi anena.

Mishoni za Dutch za kuno, Magwero ndi Madzimoyo, zinali za sinodi ya Free State, osati ya Cape, ndiye zakale zake muzifunse ku Bloemfontein.

Mukamafufuza pa WorldCat, katalogi ya pa intaneti ya malaibulale ambiri, kapena m'makatalogi a malaibulale akunja, musalembe Chichewa chokha. Mabuku a nthawi imeneyo ambiri anawaika pansi pa Nyanja, Cinyanja, Chewa kapena Cewa, ndipo mlembi wanu pena ndi Ntara pena Nthara. Mukatero muona malaibulale amene ali ndi mabuku ambiri, ndipo pamenepo mudziwanso mayunivesite oyenera kuwaganizira.

Kuti mulimbe mtima: Ernst Wendland analandira PhD ku Wisconsin mu 1979 pa nthano za Chinyanja zimene Julius Chongo ankakamba pa wailesi ya Zambia mu pulogalamu ya Poceza m'Madzulo. Ngati za pawailesi zinatheka nthawi imeneyo, za m'mabuku zilephera bwanji lero?

Che Ajusa ku Midwest

Aphunzitsi, palibe amene wanena za America, ndiye ndinenepo ine. Kuno zinthu zimayenda mosiyana. Mumafunsira ku dipatimenti, osati kwa munthu mmodzi, ndipo akakutengani nthawi zambiri amakulonjezani ndalama za zaka zisanu, inu n'kumathandiza kuphunzitsa. Zaka ziwiri zoyamba ndi za makalasi, kenako mayeso akuluakulu, kenako kafukufuku. Ubwino wake kwa mutu wogwera pakati ngati wanuwu ndi wakuti thesis imayang'aniridwa ndi komiti ya anthu anayi kapena asanu. Mutha kuikamo wa zolembalemba, wa mbiri yakale, ndi wina wa ku Zomba wodziwa Chichewa. Amene akukulozerani khomo la mnzake aja, kuno amakhala pa tebulo limodzi.

Wisconsin ku Madison, kumene achimwene a ku Katete atchula, dipatimentiyo inayamba mu 1964 ndi dzina la African Languages and Literature, pano ikutchedwa African Cultural Studies. Indiana ndi yamphamvu pa nthano ndi nyimbo zapakamwa, ndipo Enoch Mvula anachitira kumeneko PhD yake pa nyimbo za amayi a ku Malawi m'ma 1980. Northwestern ili ndi Herskovits Library, imodzi mwa malaibulale aakulu kwambiri a za Africa. Musaiwale madipatimenti a Comparative Literature, chifukwa kumeneko kudziwa chilankhulo china ndi chimene amafuna kumene.

Mafomu ambiri amatseka mu Disembala, kuti muyambe mu Ogasiti. Ndalama yofunsira malo ndi yokwera, koma lembani kupempha kuti akukhululukireni, ena amavomera. Chimene sindingakubisireni ndi kutalika. Zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri si zachilendo, ndipo ndalama imene amapereka anaiwerengera munthu mmodzi, osati mayi ndi ana awiri. Kwa ine njira ya abambo a ku Domasi ili ndi nzeru, kungoti ochita PhD akugwira ntchito kwawo ambiri amachedwa chifukwa kalasi ndi banja zimadya nthawi yonse. Mukasankha imeneyo, menyerani tchuthi cha maphunziro chenicheni.

NaJere wa ku Mvera

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Abambo a ku Domasi, mawu anu a wachiwiri wodziwa Chichewa ndawagwira, ndipo pa kukula kwa mutu mwanena zoona. Ndakhala pansi ndi kope usiku wathawu. Ndikuona kuti ndiime pa Nkhoma: Ntara ndi olemba ena awiri kapena atatu amene anaphunzira kapena kuphunzitsa m'sukulu za mishoni imeneyo, ndi njira imene zolemba zawo zinadutsa kuti zisanduke mabuku. Za Bureau zilowe pokhapokha pamene olemba amenewa anadutsirako. Owerenga ndiwasunga, chifukwa popanda iwo ndikhala ndikungonena za amishonale, pamene ine ndikufuna anthu athu amveke.

Pa za kulembetsa kuno kwathu ndiye mtima ukadali pawiri. Ngati ndaima pa Nkhoma, makalata amene ndikuwafuna kwambiri ali ku Stellenbosch, ndipo chaka cha Commonwealth chija chimapita ku UK kokha. Komanso ndikudziwa mmene teremu imakhalira, makalasi odzaza ndi zolemba za ana zoti ndichonge mpaka usiku. Zimene anena Che Ajusa ndimaziona kwa anzanga. Choncho ndiyamba ndi South Africa, ndilemberenso ku Bayreuth mmene anenera achemwali a Nachisale, ndi tsamba la agogo lija. America ndaisiya kaye chifukwa cha ana.

Tchuthi chikubwerachi ndipita ku Zomba kukaona zimene zili ku National Archives, kuti proposal inene mafayilo enieni osati zongoganiza. Za okalamba ndayamba kale kufunsa. Abusa a kwathu andiuza za mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma, amene akuti amakumbukabe mabuku amene ankawerengera ana m'ma 1950, ndipo ndikawaona Loweruka.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Achimwene a ku Lizulu, kodi nkhani ya supavaiza wachiwiri wa ku Malawi ndiitchule mu imelo yoyamba, kapena ndidikire pulofesayo avomere kaye? Ndikuopa kuti angaone ngati ndikumukayikira tisanadziwane n'komwe. Ndipo inu a ku Katete, munthu wochokera ku Malawi akafuna kuwerenga ku National Archives of Zambia, amafunika kalata yochokera ku yunivesite, kapena pasipoti ndi ndalama yolowera n'zokwanira?